Mukufuna masters ya biomedical engineering? Tiyambire mu wodi

Achinyamata amene angomaliza kumene ku MUBAS kapena ku MUST amakonda kundifunsa kuti achimwene nanga masters tiyambire pati, ndipo nthawi zambiri munthu amakhala wanditumizira kale ma link asanu a skolashipu kuti ndimuthandize kusankha. Ine yankho langa silisintha, ma link aja asungeni kaye, tiyambe takambirana zoti mukufuna kukaphunzira chani kwenikweni. Poti biomedical engineering ndi mtolo wa zinthu zambirimbiri, wina akupanga mwendo wa pulasitiki wa munthu amene anadulidwa, wina akulemba code yowerenga zithunzi za X-ray, wina akulimbana ndi makina a dialysis, onsewa dzina ndi limodzi koma ntchito zawo sizikumana n'komwe. Ndiye mukangoti ndikufuna masters ya biomedical basi, amene akuwerenga fomu yanu amadziwiratu kuti simunaganize.

Choyamba, kagwireni zida ndi manja

Ngati mungathe, khalani chaka chimodzi kapena ziwiri mu chipatala musanaponye application. Kaya ndi ku PAM, nthambi ya unduna wa zaumoyo yoyang'anira zida ija, kaya chipatala cha CHAM, kaya kampani yogulitsa ndi kukonza zida, ngakhale internship ya malipiro ochepa, pitani. Chifukwa china ndi chakuti ma skolashipu ena amafuna zimenezi, mwachitsanzo Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito zimene iwo amaziwerenga ngati maola 2,800. Koma chifukwa chachikulu ndi chakuti funso labwino la research simungalipeze mutakhala pa laptop.

Ndipereke chitsanzo cha oxygen concentrator poti aliyense amene wagwirako ntchito mu wodi ya ana amaidziwa. Mpweya umene tikupumawu uli ndi oxygen 21 pa 100 aliwonse, makina aja amaukoka ndi compressor n'kuudutsitsa mu timabotolo tiwiri todzaza ndi zeolite amene amagwira nitrogen, ndiye kotulukira kumabwera oxygen wopitirira 90 pa 100. Pa pepala ndi zophweka. Koma zeolite amadana ndi chinyezi, fyuluta imatsekeka ndi fumbi la mu October, magetsi akamabwera mothimathima compressor imavutika, ndipo choopsa kwambiri ndi chakuti makina amatha kumalira bwinobwino, kabotolo kamadzi kakuwira, anamwino akuona ngati mwana akulandira oxygen pomwe zikutulukazo ndi mpweya wamba. Ine ndinakumana nazo pa chipatala china cha boma, titayeza ndi analyser makina angapo anali pansi kwambiri koma onse anali pa bedi ali ndi odwala. Tsiku limenelo sindinagone bwino, ndipo zonse zimene ndinakalemba mu application yanga pambuyo pake zinachokera pamenepo.

Ndiye gulani kope la chikuto cholimba. Makina aliwonse amene mwatsegula lembani dzina lake, vuto, chimene chinafa, masiku amene anakhala osagwira ntchito, komanso ngati spare inapezeka kapena ayi. Pakatha chaka mudzaona nokha kuti zinthu zikufa mobwerezabwereza pamalo amodzimodzi. Kafukufuku wina wa Robert Malkin wa ku Duke University ndi mnzake, amene anatuluka mu 2011, anapeza kuti pafupifupi zida 40 pa 100 zilizonse m'zipatala za mayiko osauka zimene anaona sizimagwira ntchito. Aliyense amene amalemba statement, kalata yodzifotokozera mu application, amatchula nambala ngati imeneyi, koma amene ali ndi kope lake la makina 200 amene anawagwira yekha ndi ochepa kwambiri.

Muzichezanso ndi anamwino, makamaka a usiku. Iwowa ndi amene amadziwa kuti alamu iti amaithimitsa chifukwa imangolira zopanda pake, ndi chingwe chiti chimaduka mwezi ulionse.

Chachiwiri, sankhani nthambi imodzi

Mwachidule njira zake zili motere. Pali clinical engineering, kumene ndi kuyendetsa zida zonse za chipatala kuyambira pogula mpaka potaya. Pali kupanga zida zatsopano, medical device design. Pali imaging, za X-ray, ultrasound, CT ndi MRI, imeneyi imafuna physics ndi masamu olimba. Pali biomechanics ndi rehabilitation, za mafupa, miyendo ndi manja oikirira, njinga za olumala. Pali signal processing ndi machine learning, kulemba code yowerenga ma signal ndi zithunzi za m'thupi. Kenako pali biomaterials ndi tissue engineering, kupanga zinthu zoika m'thupi ndi kumeretsa minofu mu lab, zimene ndi zokoma kumva koma ndinene mosabisa, zimafuna lab ya ndalama zambiri ndipo mukasankha imeneyi dziwani kuti ntchito yake yambiri ili kunja. Sindikuti ndi zolakwika, koma musankhe mukudziwa.

Ine mtima wanga uli pa device design ndi clinical engineering chifukwa kwathu kuno tili ndi umboni woti zimapulumutsa miyoyo. Pumani CPAP ija, chida chothandiza makanda kupuma, inayamba ngati project ya ophunzira a ku Rice University ku Houston pansi pa Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, mogwirizana ndi madokotala a ku Queens ku Blantyre. Mkati mwake munali timapampu ta mu thanki ya nsomba ndi botolo la madzi loyezera pressure, basi. Atayesa ku Queens, mu kafukufuku amene Dr Kondwani Kawaza anali nawo ndipo anasindikizidwa mu 2014, makanda ovutika kupuma amene anaikidwa pa CPAP anapulumuka 71 pa 100, pomwe amene analandira oxygen wa pamphuno yekha anapulumuka 44 pa 100. Kuchokera pamenepo kunabwera NEST360, mgwirizano wofalitsa zida zopulumutsa makanda m'zipatala za mu Africa, mu 2019, komanso ma design studio a ku Poly ndi ku MUST amene ambiri a inu munaphunziriramo soldering ndi 3D printer. Mukamalankhula ndi pulofesa wa kunja amene amachita za global health, dzina la Malawi amalidziwa kale chifukwa cha ntchito imeneyi, gwiritsani ntchito mwayi umenewo.

Amene munachita electrical, mechanical, computer science kapena physics musadandaule, khomo ndi lotseguka, ambiri amene ali mu ntchito imeneyi analowera njira yomweyo. Chimene mudzafunike kuonjezera ndi anatomy ndi physiology.

Chachitatu, mtundu wa masters ndi dziko

Apa anthu amasokoneza kwambiri. Pali masters ya makalasi, taught, ndi masters ya research. Ku UK zambiri ndi za makalasi, chaka chimodzi, kuyamba September, ma module miyezi ingapo kenako project ya miyezi itatu kapena inayi. Strathclyde ku Glasgow ndi imodzi mwa sukulu zakale pa nkhani ya bioengineering, palinso Imperial College London ndi zina. Ubwino wake mumamaliza msanga, kuipa kwake chaka chimathamanga moti mukamazolowera kuzizira ndi mabasi mumapeza mayeso afika.

Ku South Africa zambiri ndi za research, pafupifupi zaka ziwiri, chaka chawo chimayamba February. University of Cape Town ili ndi MSc ya Biomedical Engineering imene ili mkati mwa faculty ya zaumoyo, ndiye ma engineer amaphunzitsidwa anatomy ndi physiology komweko asanalowe mu dissertation. Ndi sukulu yomweyo imene Allan Cormack anaphunzitsako pomwe ankathandiza ku chipatala cha Groote Schuur n'kuyamba kuganiza masamu amene anabala CT scan, analandira nawo Nobel mu 1979. Stellenbosch nayonso ili ndi gulu lamphamvu. Ine kwa munthu amene akufuna kupanga chida choti chidzagwire ntchito ku Nsanje kapena ku Chitipa ndimakonda kumulozera ku South Africa, poti mavuto a zipatala zawo za boma sali kutali ndi athu, ndipo kubwera kudzatenga data kumudzi ndi ulendo wa basi kapena ndege ya maola ochepa. Musaiwalenso Uganda, Kenya ndi Ethiopia, Makerere, Mbarara, Kenyatta, Addis Ababa ndi Jimma onse amaphunzitsa biomedical engineering ndipo amalumikizana ndi sukulu zathu kudzera mu African Biomedical Engineering Consortium.

Ku America nkhani ndi yosiyana. Masters kawirikawiri mumalipira nokha ndipo ndi yodula zedi, koma PhD ya engineering imabwera ndi fizi yolipiridwa komanso kandalama ka mwezi ndi mwezi chifukwa mumagwira ntchito mu lab kapena kuthandiza kuphunzitsa, ndipo mutha kulowa ndi digiri yoyamba yokha. Ndi zaka zisanu kapena kuposera, ma application ambiri amatseka December. Malamulo a visa ya ku America akhala akusintha kwambiri kwa a Malawi posachedwapa, ndiye musanalipire application fee iliyonse onani kaye kuti zinthu zili pati pa tsamba la embassy.

Chachinayi, mapepala, ndipo yambani msanga kuposa mmene mukuganizira

Pasipoti, transcript, certificate, makalata awiri kapena atatu a referee, mayeso a chizungu. Zikuoneka zochepa koma ndi pamene anthu ambiri amagwera. Ine chaka changa choyamba ndinaphonya deadline chifukwa transcript inachedwa kutuluka mu ofesi ina, ndinadikira chaka china chathunthu ndipo zinandiwawa kwambiri. Pemphani miyezi itatu isanafike deadline, mutenge makope angapo odinda, muwasikane bwino osati kujambula ndi foni pa bedi.

Ngati mukupita ku South Africa, digiri yanu iyenera kudutsa ku SAQA kuti aione kuti ikufanana ndi level iti ya kwawo, zimatenga nthawi ndiye yambani nazo. IELTS kapena TOEFL zotsatira zake zimakhala zaka ziwiri zokha, musalembe msanga kwambiri, komanso funsani kaye sukuluyo chifukwa zina zimavomera kalata yonena kuti digiri yanu munaphunzira mu chizungu. Imelo imodzi yofunsa zimenezi itha kukupulumutsirani ndalama zambiri, makamaka poti mayesowa mtengo wake umatsatira ndalama zakunja ndipo kwacha chigwereni ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chotere chinakwera. GRE, mayeso olowera masters ndi PhD makamaka ku America, sukulu zambiri zinasiya kuifuna koma onani imodzi imodzi. Visa ya ku UK imafunanso satifiketi yoyezetsa TB.

Za ma referee, musangotumiza meseji ya pa WhatsApp usiku wa deadline kuti bwana ndilembereni. Pitani kapena lembani bwino, apatseni CV, statement yanu ndi kuwakumbutsa project imene munachita nawo. Lecturer amene anakuyang'anirani final year project ndi wofunika kuposa bwana wamkulu wa dzina amene sakukudziwani nkhope.

Chachisanu, sakani supervisor

Pa masters ya research ndi PhD, munthu ndi wofunika kuposa dzina la sukulu. Lowani pa Google Scholar kapena PubMed, lembani vuto lanu lija, onani amene asindikiza za zimenezo mu zaka zitatu zapitazi. Werengani ma paper awo awiri mpaka kumapeto ngakhale zina simukuzimva. Kenako lembani imelo yaifupi, ndime zitatu zakwana, ndinu ndani ndipo mwagwira ntchito yanji, mwaona chani mu paper yawo chimene chikukhudzana ndi zimene mwakumana nazo mu chipatala, ndipo kodi akulandira ophunzira chaka chamawa. Ikani CV ya masamba awiri. Osalemba imelo imodzi n'kutumiza kwa anthu 40, amazindikira pa mzere woyamba. Ambiri sadzayankha, zimenezo ndi zachizolowezi, pakatha milungu iwiri kumbutsani kamodzi kenako pitani kwa wina.

Akakuyankhani, pemphani kuti mulankhule ndi wophunzira wawo mmodzi. Mufunseni kuti amakumana kangati ndi supervisor, anthu amamaliza pa nthawi yake kapena ayi, ndalama za zipangizo zimapezeka bwanji.

Pamene mukudikira mayankho musakhale manja lende. Phunzirani Python, MATLAB ngati muli nayo, CAD ina iliyonse yojambulira zida pa kompyuta ngakhale FreeCAD yaulere, KiCad yojambulira ma PCB, timabolodi ta zamagetsi. Pa PhysioNet pali data ya ECG yaulere ngati MIT-BIH Arrhythmia Database, tengani mulembe ka program kowerenga kugunda kwa mtima muike pa GitHub. Kanthu kakang'ono komalizika kamalankhula kuposa mndandanda wa ma skills pa CV. Ndipo ngati GPA yanu siinali bwino kwenikweni, zinthu ngati zimenezi pamodzi ndi zaka za mu chipatala ndi zimene zimakunyamulani.

Chachisanu ndi chimodzi, ndalama

Beit Trust ndi yoyamba kuiona chifukwa ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi ku UK, imatsegula cha mu August, mumasankha makosi atatu ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu zaka zosachepera ziwiri. Commonwealth ili ndi ma skolashipu ake kuphatikizapo Shared Scholarship imene mumafunsira kudzera ku yunivesite. Mastercard Foundation Scholars Program ili m'masukulu angapo kuphatikizapo Cape Town ndi Edinburgh. Mandela Rhodes ndi ya achinyamata a mu Africa osapitirira zaka 29 ofuna kuphunzira ku South Africa. Palinso DAAD ya ku Germany, Erasmus Mundus imene mumaphunzira m'mayiko awiri kapena atatu a ku Ulaya, Fulbright, ndi Rhodes ya ku Oxford imene Malawi ili m'gulu la kummwera kwa Africa. Nthawi zina supervisor mwiniyo amakhala ndi grant, ndiye funsani mwaulemu.

Pangani ka spreadsheet ka ma deadline onse ndipo ponyani zingapo chaka chimodzi. Aliyense amene akukuuzani kuti mulipire kuti akupezereni skolashipu, muthaweni. Komanso werengani bwino kuti ikulipira chani, ina imalipira fizi yokha, nyumba ndi chakudya zili kwa inu, musakwere ndege ndi chiyembekezo choti maganyu akakulipirirani lendi uku mukuchita lab.

Statement yanu ichokere mu kope lija. Musayambe ndi zoti kuyambira ndili mwana ndimakonda kuthandiza anthu, onse amalemba choncho. Yambani ndi makina, wodi, chimene chinachitika, chimene munayesa, pamene nzeru zanu zinathera, ndi module kapena lab iti pa sukulu yawoyo imene ikupatseni chimene chikusowacho. Maina a odwala osatchula. Mukamaliza mupatse munthu amene si engineer awerenge, akapanda kumva lembaninso.

Mukafika uko

Makalasi mudzakhoza, ana a ku Poly ndi ku Ndata masamu sawavuta. Chimene ndikupempha ndi chakuti musakasiye zinthu zimene zimaoneka zotopetsa. ISO 13485 ya kayendetsedwe ka quality popanga zida, ISO 14971 ya kuunika zoopsa, IEC 60601 ya chitetezo cha magetsi pa zida zachipatala, ndi mmene chida chimapezera CE mark yochiloleza kugulitsidwa ku Ulaya kapena chilolezo cha FDA ya ku America. Prototype yogwira ntchito pa tebulo aliyense atha kupanga, koma pakati pa prototype ndi chida chimene namwino angaike pa khanda pali zaka za kuyesa ndi mapepala, ndipo anthu odziwa njira imeneyi kwathu kuno ndi owerengeka. Statistics nayonso itengeni mwamphamvu.

Ngati project yanu ikufuna data ya odwala a kuno, chilolezo cha ethics cha sukulu yanu sichikwanira, mufunikanso cha NHSRC kapena COMREC, makomiti a kuno ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, ndipo zimatenga miyezi, ndiye kwa amene muli pa masters ya chaka chimodzi kambiranani ndi supervisor mwezi woyamba womwewo. Yesetsaninso kutulutsa paper imodzi, ngakhale ya conference, imatsegula khomo la PhD.

Kubwerera ndi ntchito

Mukafika tengani digiri yanu ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, kuti aizindikire, ndipo lembetsani ku Malawi Engineering Institution ngati simunatero. Ntchito zake zili mu boma ku PAM ndi zipatala zazikulu, ku CHAM ndi zipatala za private, m'makampani oimira opanga zida ngati GE, Siemens ndi Philips kumene field service engineer amayenda dziko lonse ndipo nthawi zina amatumizidwa ku training ya ku fakitale, m'mabungwe a research ngati Malawi-Liverpool-Wellcome, m'ma project a zaumoyo, ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ndi ku Malawi Bureau of Standards pa nkhani ya malamulo ndi miyezo, komanso kuphunzitsa ku MUBAS ndi MUST kumene masters ndi poyambira ndipo PhD idzafunika. Ndinene chilungamo, mipando ya mu boma ndi yochepa ndipo masters siikweza malipiro tsiku lomwelo, ena amadikira miyezi. Ndiye musadule ubale ndi chipatala chimene munachokera, muziwalembera muli konko, muwatumizire dissertation yanu, ntchito zambiri za mu gawo limeneli zimamveka kudzera kwa anthu amene munagwira nawo.

Ndipo mukapeza mpando, yesetsani kuti mulowe mu komiti yogula zida, ngakhale misonkhano yake ndi yaitali. Pamenepo ndi pamene makina amafera asanafike n'komwe. Funsani kuti service manual ibwera nawo, osati user manual yokha, password ya service menu atipatsa, ma spare a zaka zingati ali mu contract, ndani aphunzitse anamwino ndi ma technician, pulagi ndi voltage zikugwirizana ndi 230V yathu, stabiliser kapena UPS ili mu mtengo womwewo, ma probe ndi ma reagent adzagulidwa kuti akatha oyambawo. Zida za mphatso nazonso zifunsidwe mafunso omwewa zisanakwere sitima, ndipo ngati mayankho palibe lembani maganizo anu mu ma minutes ndi kusaina.